Mulungu anandilankhula kudzera m'buku la munthu wa lupanga

Ine ndine mlimi wa ku Utale kuno ku Balaka, m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi, ndipo ndaima pano kuti ndithokoze Yehova.

Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, munda wanga unasanduka mchenga wokhawokha. Mtima unandiwawa, kupemphera kwake kunali kongoyendetsa milomo. Ndili m'chisoni chomwecho, alamu anga omwe amaphunzitsa ku Liwonde anandibwereka buku lachingerezi lotchedwa Musashi, lolembedwa ndi Eiji Yoshikawa, lomwe nkhani yake inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya ku Japan ya Asahi Shimbun mu 1935. Iwo anapatsidwa ndi mnzawo wa ku Japan, mwa aja akhala akubwera kudzathandiza m'dziko muno kuyambira 1971. Ndinati, "Alamu, mkhristu ndi nkhani za malupanga, zigwirizana pati?" Anangoti, "Kawerengeni."

Nkhaniyo ndi ya mnyamata waukali, Takezo, wopulumuka kunkhondo ya Sekigahara mu 1600. Wansembe wa Chibuda, Takuan, anamumangirira mumtengo, kenako anamutsekera m'chipinda ku Himeji zaka zitatu kuti aziwerenga. Anatulukamo ndi dzina latsopano, Miyamoto Musashi. Za ndewu zake ndi zokoma, makamaka ija anagonjetsa mdani wake Sasaki Kojiro ndi chibonga chosema kuchokera ku nkhafi, koma ine pondigwira mtima si pamenepo.

Katswiriyu anaika lupanga pansi, natenga khasu pa dera lotchedwa Hotengahara, iye ndi kamnyamata kamasiye, Iori. Akalima, madzi nkukokolola. Akatchinga, madzi nkugumula, anthu a m'mudzi akuseka. Mapeto ake anazindikira kuti madzi salamulidwa ndi ukali: umayang'ana kumene akufuna kulowera, nkuwakonzera njira. Ndinawerenga pamenepo ndi tochi usiku, misozi ili chuchuchu. Ndinagwada ndi kunena kuti, "Ambuye, ndamva." Mulungu amene analankhulitsa bulu wa Balamu angalephere bwanji kulankhula kudzera m'buku la munthu wa kutsidya kwa nyanja?

Kutacha ndinapita kwa alangizi a zaulimi. Tinachotsa munda m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, tinaika akalozera, m'menemo nkubzala vetiva, ndipo ndinakumba ngalande kutsata njira imene madzi anadzilambulira okha. M'manja munatuluka matuza, ena akuti ndapenga.

Ng'amba ya 2024 mukuidziwa nonse. Sindinama pamaso pa Mulungu kuti nkhokwe inadzaza, ayi. Koma mizere yanga inasunga chinyezi, ndinakololako, ana sanagone ndi njala, ndipo tinagawirako amayi ena amasiye oyandikana nafe.

Ulemerero upite kwa Iye yekha. Mundipempherere, abale, pakuti vetiva uja sanafike kumapeto kwa munda, ndipo amene akufuna mbewu yake abwere adzazule kwaulere. Ameni.