Burashi, Madzi ndi Lamulo la Mafano

Chaka cha 1902 chidabala mishoni ziwiri zomwe mpaka lero zimaona chithunzi mosiyana. Pamtunda, pafupi ndi Lizulu, amishoni a Dutch Reformed Church adakhazikitsa Mlanda, yomwe tsopano ili m'manja mwa CCAP Sinodi ya Nkhoma. Kumunsi, ukatsika Khwekhwerere n'kudutsa Golomoti, ansembe a White Fathers adamanga Mua. M'matchalitchi a Sinodi ya Nkhoma makoma amakhala opanda nkhope, ndipo maso a wopemphera amakathera pa guwa pomwe pali Baibulo. Ku Mua khoma limalankhula, mtengo wosemedwa nawo umalankhula, ndipo Yesu ndi Mariya ali ndi nkhope zomwe ungakumane nazo pachigayo.

Mnyamata wa pa Lizulu amene wayamba kujambula anthu a pamsika ndi pensulo ndi utoto wa madzi ali pakati pa mayankho awiriwa. Tsiku lina agogo ake adzasuzumira m'kabuku kake n'kufunsa kuti, "Mwanawe, zimenezi si mafano kodi?" Funsoli si lachibwana ayi.

Eksodo 20 amaletsa kupanga chifaniziro cha zakumwamba, zapadziko ndi za m'madzi n'kumachigwadira. A CCAP amaliwerenga ngati lamulo lachiwiri loima palokha, pomwe Akatolika amaliphatikiza ndi loyamba. Kusiyana kumayambira pa kawerengedwe pomwepo. Koma buku lomwelo, pa mutu 25, likulamula Mose kuti apange akerubi awiri agolide pa likasa, ndipo pa mutu 31 Bezaleli akudzazidwa ndi Mzimu wa Mulungu kuti akhale mmisiri. Nkhani yomwe imamasula bwino mfundoyi ndi ya njoka yamkuwa. Mose adaipanga atalamulidwa, anthu olumidwa nachira poiyang'ana. Patapita mibadwo, Aisraeli adayamba kuifukizira zonunkhira, ndipo Mfumu Hezekiya idaiphwanya, monga akufotokozera 2 Mafumu 18. Mkuwa udali womwewo. Chidasintha ndi mawondo a anthu.

Akhristu adakangana pa nkhaniyi mpaka kukhetsa magazi. John wa ku Damascus ankati popeza Mulungu adavala thupi mwa Yesu, wosaonekayo adaoneka, choncho angathe kujambulidwa, ndipo msonkhano wa ku Nicaea wa mu 787 udavomereza zithunzi. Katekisima wa Heidelberg wa mu 1563, yemwe ndi umodzi wa mizati ya chiphunzitso cha Nkhoma, adakana: Mulungu sajambulidwa, ndipo anthu aphunzitsidwe ndi ulaliki, osati ndi zithunzi zosalankhula. Chomwe ambiri amachiiwala n'chakuti katekisima yemweyo amalola kujambula zolengedwa, bola zisapembedzedwe. Ndiye kuti mayi wogulitsa kabichi, phiri, ngakhale nyumba ya tchalitchi, mnyamata uja angazijambule osachimwira chiphunzitso cha agogo ake.

Amene adaika burashi pakati penipeni pa mkanganowu ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe adafika m'dziko muno mu 1967 napatsidwa mfunda wa Chisale. Mu 1976 adayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art ku Mua, komwe amisiri ambiri aphunzirira kusema ndi kujambula. Makoma akunja a Chamare Museum ya pamalopo adawadzaza ndi mbiri ya dziko lino, ndipo mkatimo muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Mu 2012 adatulutsa buku la When Animals Sing and Spirits Dance, lodzaza ndi magule ojambula pamanja. N'zoseketsa pang'ono, poti Mua yomweyi ndi imene idalimbana koopsa ndi Nyau m'zaka za m'ma 1920, pokanganirana ana a sukulu.

Kuti munthu aweruze bwino, ayenera kuona kaye mmene utoto wa madzi umagwirira ntchito. Penti wa mafuta wa olemba zikwangwani za magolosale ngokhululuka: ukaphonya, umadikira aume n'kupakanso pamwamba. Wa madzi sabisa kanthu, chifukwa umaonekera mkati. Kuyera kulikonse pa chithunzi, kaya ndi duku, kaya denga lamalata lothwanima dzuwa, ndi pepala lomwe wojambula adalisiya dala, ndipo ayenera kudziwa pomwe pali kuwala asanaviike n'komwe burashi. Amayamba ndi mitundu yopepuka, yakuda n'kubwera pomaliza. Akanyowetsa pepala, utoto umayenda wokha, ndipo umo ndi mmene nkhungu ya mu June imakhalira bwino pa mapiri a Ntcheu. Akafuna mzere wakuthwa wa khoma la njerwa, amadikira paume. Nyengo nayo ili ndi mawu ake. M'chisanu cha pa Lizulu pepala limachedwa kuuma mpaka munthu kutopa, pomwe ku Mua mu October limauma burashi isanabwerere m'kapu.

Nyumba imafuna kuyeza: dzanja lotambasula, pensulo choimirira, diso limodzi lotsinzina, kuona kuti mizere ya denga ndi ya khonde ikakumana pati. Munthu ndiye salola n'kuyeza komwe. Mayi wowerama pa mulu wa mbatata ya kachewere, basi ikaima, wadzuka kale. Wojambula amangogwira kupindika kwa msana ndi kulemera kwa mwana kumbuyo m'mizere ingapo. Ntchito yotereyi ili kutali ndi ya wopanga fano. Wopanga fano amaumba chomwe mtima wake ukufuna kuti chimumvere. Uyu akuphunzira kugonjera chomwe chilipo kale, chomwe sadachilenge, ndipo madzi amamukumbutsa kawirikawiri kuti si zonse zili m'manja mwake.

Ngati pali chithunzi chomwe Amalawi adachigwadiradi, sichidachokere m'kabuku ka wojambula kapena kwa osema a ku Mua. M'nthawi ya Kamuzu Banda, yemwe adalamula kuchokera mu 1964 mpaka 1994, chithunzi chake chinkapachikidwa m'maofesi ndi m'masitolo, ndipo panalibe chithunzi china kapena wotchi yololedwa kukhala pamwamba pake. Nkhope yake inali pa nsalu za amayi a mbumba. Iye mwini adali mkulu wa mpingo ku Church of Scotland, mpingo wosalola zifaniziro! Makoma opanda nkhope sadateteze aliyense ku kugwada kumeneku, nazonso zosema sizidateteze aliyense. Mipingo idangokhala chete zaka zambiri mpaka kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu March 1992. Apa ndi pomwe lamulo la mu Eksodo likadayenera kulalikidwa mwamphamvu, koma n'kosavuta kudzudzula mwana wa pensulo kusiyana ndi mwini apolisi.

Nkhope ina imayenda pamsika wa Lizulu tsiku ndi tsiku popanda woigwadira. Kuyambira mu 2012, pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, amene likulu lake lidali pomwepa ndipo adachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya. Imapindidwa, imamangidwa pa mfundo ya chitenje, imawoloka msewu wa M1 kupita tsidya la Mozambique n'kubwerako. Yesu atapatsidwa ndalama ya msonkho adafunsa kuti nkhopeyo ndi ya yani, ndipo sadanene kanthu za mmisiri amene adaizokota.

Funso lolimba, lomwe Heidelberg ndi Nicaea sadaliyankhe, ndi lomwelo la mwini nkhope. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe UNESCO idawazindikira mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri mwa zoyerazo zidali za chinamwali ndi Nyau. Makolo ankajambula, koma ankasankha woona. Za kudambwe sizinenedwa pabwalo. Ndiye gule akalowa m'buku lomwe aliyense angatsegule ku London, wasungidwa kapena wavulidwa? Amene amati popanda ntchito ya ku Mua magule ambiri ndi tanthauzo lawo akadaiwalika akunena zoona. Mkulu wa kudambwe amene mtima wake sukhazikika naye ali ndi mfundo, ndipo siithetsedwa ndi kukongola kwa utoto.

Pamsika nkhaniyi imabwera mosazungulira. Mayi akazindikira kuti pensulo ikutsata iye, amafunsa kuti, "Achimwene, mukupita nacho kuti chimenecho?" Ena amafuna kangachepe, ena amakana ndithu, poopa kuti nkhope yawo ikagulitsidwa kwa azungu kapena ikagwera m'manja mwa wa mankhwala oipa. Wojambula wolongosoka amapempha asanayambe, amagulako tomato, ndipo akamaliza amaonetsa pepalalo kwa mwini wake. Pamenepo adzamva chiweruzo chomwe sukulu iliyonse singamupatse: kuti mphuno si yawo imeneyo, ndiponso kuti mulu wa mbatata waujambula waung'ono ngati iwo amabera makasitomala.