KUDZIWA CHISHANGO SIKUDZIWA MUNTHU

Kodi munthu angatchedwe wanzeru chifukwa chakuti adziwa kusiyanitsa mbendera, mayunifomu ndi zizindikiro za magulu a anthu? Nanga akadziwa, nzeru imeneyo aigwiritse ntchito yanji? Funso ili lioneka ngati laling'ono, koma m'makomboni athu a mu Lusaka nthawi zina lakhala nkhani ya moyo ndi imfa. Kuti tilimvetse bwino, achinyamata anzanga, tiyeni tiyambire kutali pang'ono, pa masewera ena amene anachokera ku America.

Luso la pa pepala

M'chaka cha 1974, Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewera otchedwa Dungeons & Dragons. Masewerawa ali ngati nthano ya madzulo, koma omvera nawonso amalowa m'nthanomo. Mmodzi akhala wokamba nthano, ndipo ena onse atenga munthu mmodzimmodzi wongopeka, wina wankhondo, wina wakuba, wina wansembe. Aliyense alemba pa pepala mphamvu ndi maluso a munthu wakeyo. Akafuna kuchita chinthu chovuta, aponya dayisi la mbali 20, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo inena ngati wakhoza kapena walephera.

M'buku la malamulo a masewerawa limene linatuluka mu 1989, pa mndandanda wa maluso panali luso lina lotchedwa heraldry. Ili ndi luso lodziwa zizindikiro zojambulidwa pa zishango ndi pa mbendera za mafumu ndi za mabanja akuluakulu. Tinene kuti m'nthanomo anthu ali pa ulendo, ndipo kutsogolo kwatulukira asilikali okwera pa akavalo, pa zishango zawo pali mkango wofiira. Wopanda lusoli angoona mkango basi. Mwini lusoli adziwa kuti amenewa ndi anyamata a mfumu yakutiyakuti, adziwanso ngati ayenera kuthawa, kugwada kapena kupereka moni.

Lamulo lake linali ndi mfundo imene ndifuna kuti tiisunge. Zizindikiro za kwawo munthuyo amazidziwa popanda kuponya dayisi. Koma zizindikiro za dziko lina amayenera kuziyesera mwayi, ndiponso amayenera kukhala atadziwako pang'ono za anthu a dzikolo. Kudziwa za kwanu si luso ayi, aliyense adziwa. Luso liyambira pamene wavutikira kudziwa za eni ake.

Ntchito ya mthenga

Olemba masewerawa sanapeke zimenezi. Ku Ulaya, m'zaka za m'ma 1100, ankhondo ankavala zisoti zachitsulo zobisa nkhope, motero anayamba kujambula zizindikiro pa zishango kuti adziwike. Zizindikirozo zinasanduka cholowa cha banja, ndipo anthu anazikonda mpaka kukanganirana. Mu 1385, akuluakulu awiri a ku England, Richard Scrope ndi Robert Grosvenor, anapezeka ali ndi chishango chofanana, chabuluu chokhala ndi mzere wagolide wopingasa. Mlandu wake unatenga zaka pafupifupi zisanu! Mu 1484 Mfumu Richard III inakhazikitsa College of Arms ku London, ofesi imene isunga kaundula wa zizindikirozi kufikira lero.

Akatswiri a zizindikirozi anali amithenga a mafumu. Mthenga sanali kumenya nkhondo, ndipo kumpweteka kunali chonyansa kwa mbali zonse. Ntchito yake inali kunyamula mawu pakati pa adani, kulengeza maina a anthu molondola, ndipo nkhondo ikatha kuyendera mitembo ndi kulemba amene afa, kuti abale awo amve. Pa nkhondo ya ku Agincourt mu 1415, amithenga a England ndi a France anaima pamodzi napenyerera, ndipo mthenga wamkulu wa France, wotchedwa Montjoie, ndiye anavomera pamaso pa Mfumu Henry V kuti England wapambana. Taonani: munthu wodziwa bwino koposa zizindikiro za mbali zonse ndiye anali munthu wosanyamula lupanga.

Zishango zathu

Wina anganene kuti izi ndi za Azungu, ife sizitikhudza. Koma pisani m'thumba, mutulutse ndalama. Pamenepo pali chizindikiro cha dziko lathu, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 24 October 1964. Pamwamba pali nkhwazi, kunsi kwake piki ndi khasu zopingasana, kuimira migodi ndi ulimi. Chishango chake nchakuda, chokhala ndi mizere yoyera yokhotakhota, ndiwo madzi a Mosi-oa-Tunya ogwera pa thanthwe. Mbali iyi mwamuna, mbali inayo mkazi, ndipo pansi pali chimanga, nsanja ya pa mgodi ndi mbidzi. Chishango chimenechi chinatengedwa ku chizindikiro cha Northern Rhodesia, pamene nkhwazi inali itagwira nsomba m'zikhadabo zake. Pa ufulu nsombayo inachotsedwa. Kodi ndi angati a ife amene tagwira ndalama zaka zonsezi osayang'ana zimenezi?

Makolo athu nawonso anali ndi zawo. Mchewa akakumana ndi mlendo afunsa mfunda wake, kaya ndi Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe, kuti adziwe ngati ndi mbale wake ndi kuti amthokoze bwanji. Pa Nc'wala ku Mtenguleni, mwezi wa February, Angoni a Mpezeni atuluka ndi zishango za chikopa cha ng'ombe. Pa Kuomboka, bwato la Litunga lotchedwa Nalikwanda lili ndi mizere yakuda ndi yoyera, ndi chifanizo cha njobvu pamwamba pake. Banja lachifumu la Chitimukulu ndi la Bena Ng'andu, ndipo chizindikiro chawo ndi ng'ona.

Mu Lusaka zonsezi zasakanikirana. Pa bwalo limodzi la lendi ku Chawama kapena ku George mupeza Mtonga, Mlozi, Mnsenga ndi Mbemba atunga pa mpope umodzi. Onjezani zitenje za zipani, majezi a mpira, mayunifomu a sukulu ndi a azimai a mipingo. Mwana wa m'komboni aphunzira kuwerenga zonsezi asanadziwe ndi alifabeti yomwe.

Nzeru imodzi, ntchito ziwiri

Apa ndiye pagona nkhani. Nzeru yodziwa zizindikiro ili ngati mpeni: usenda mbatata, ubayanso munthu.

Buku la Oweruza, mutu 12, lisimba za anthu a Gileadi amene anatseka madooko a Yordano atagonjetsa Aefraimu. Aliyense wofuna kuwoloka ankamuuza kuti atchule liwu lakuti Shiboleti. Mefraimu lilime lake silinkatha kulitchula bwino, ndipo pomwepo ankamupha. Anafa anthu 42,000. Alonda a pa dooko aja anali akatswiri a zizindikiro, pakuti anadziwa katchulidwe ka anzawo. Koma nzeru yawo anaisandutsa sefa yosankhira woti aphedwe.

Sitifunika kupita ku Yordano kuti tione zotere. Chisankho cha pa 12 August 2021 chisanachitike, anthu ambiri m'tauni ankaopa kudutsa pa siteshoni ya mabasi kapena pa msika atavala mtundu wa chipani chosalamulira malowo. Kumapeto kwa July chaka chomwecho anthu awiri anaphedwa ku Kanyama pa chiwawa cha ndale, ndipo boma linatumiza asilikali kuti athandize apolisi. Omenya ndi omenyedwa ambiri anali achinyamata ngati ife, okulira m'makomboni amodzimodzi. Wogenda mwala sanafunse dzina la mnzake, kapena ngati ali ndi ana kunyumba. Anawerenga malaya, basi mlandu watha.

Tsopano taonani ntchito inayo. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800. Lero adani akale aja ndi achimbuya. Pa maliro a munthu wa kum'mawa ku Matero kapena ku Mtendere, Abemba afika, aseka anamfedwa, awathira ufa kumutu, asonkhetsa ndalama, agwira ntchito. Mawa maliro akagwa kwa Abemba, a kum'mawa abwezera. Kuti uchite chimbuya uyenera kudziwa mtundu wa mnzako, monga momwe alonda a pa Yordano anadziwira. Nzeru ndi yomweyo. Koma apa igwira ntchito yopukuta misozi.

Motero funso si lakuti kodi udziwa zizindikiro za anthu. Funso nlakuti: uzidziwa ngati mlonda wa pa dooko, kapena ngati mthenga?

Malire a chizindikiro

Pali chinanso chimene osewera masewera aja amachidziwa msanga. Dayisi likagwa bwino, wokamba nthano akuuza kuti chishangocho ncha nyumba yakuti. Sakuuza kuti wachinyamulayo ndi munthu wotani. Mwina ndi mwana weniweni wa nyumbayo koma wankhanza. Mwina ndi mbala imene yatola chishango pa mtembo. Mwinanso ndi msilikali wa mdani wako amene mawa adzakupulumutsa.

Kwathu kunonso nchimodzimodzi. Wovala chofiira angakhale wa UPND, angakhale wokonda Nkana kapena Arsenal, angakhalenso Mlozi wovala kachisoti ka kwawo. Wovala chobiriwira angakhale wa PF, kapena wa Green Buffaloes, kapena wangovala jezi ya Chipolopolo. Ndipo tonse tidziwa amai amene amanga chitenje cha chipani chifukwa chakuti anachilandira chaulere, mwana aberekeramo, za ndale alibe nazo ntchito. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu uwerengedwanso chobwerera: chipatso chosaoneka bwino kunja chingathe kukhala chabwinobwino m'kati. Chizindikiro chinena kumene munthu achokera kapena kumene afuna kuti timuyikepo. Mtima wake udziwika pokhala naye.

Kodi tizitaye?

Ena mwa inu mudzati: ngati zili choncho, tiyeni titaye zonse, pasakhale mfunda, mbendera kapena yunifomu, tingokhala anthu. Maganizo amenewa ali ndi mfundo, pakuti magazi ambiri akhetsedwa chifukwa cha nsalu. Koma ine sindigwirizana nawo. Munthu sagwa kuchokera kumwamba ngati mvula. Ali ndi kwawo, ali ndi makolo, ndipo ukamtchula ndi chiwongo chake nkhope yake iwala. Yunifomu ya nesi ithandiza wodwala kudziwa woti amuitane. Ndiponso chizindikiro chimanga mwini wake: wovala baji ya sukulu akatukwana m'basi, achititsa manyazi sukulu yonse, ndipo kukumbukira zimenezi kwaletsa ambiri kuchita zoipa. Tikataya zizindikiro, udani sutha ayi. Anthu apeza china chosankhira, monga katchulidwe ka mawu kaja. Chofunika kusintha si nsalu, koma cholinga cha maso oyang'ana nsaluyo.

Tsono tichitenji? Choyamba, tiphunzire za eni ake, pakuti za kwathu tizidziwa kale. Dziko lathu lili ndi mitundu yoposa 70. Mnzako wa pa khomo loyandikana umfunse moni wa kwawo, mfunda wake ndi mwambo wa kwawo, pakuti safunsa anadya phula. Chachiwiri, ukawerenga chizindikiro, uchiyese poyambira mafunso, osati chigamulo. Chachitatu, tikumbukire kuti wodziwa mbali ziwiri ali ndi udindo. Ngati udziwa chilankhulo cha awa ndi cha awo, ngati uli ndi anzako m'zipani zonse, iwe ndiwe woyenera kuima pakati mkangano ukabuka pa mpope kapena pa bwalo la mpira. Ntchitoyi njoopsa, ndipo mbali zonse zingakutche kapirikoni. Koma komboni yopanda amithenga itsala ndi alonda a pa dooko okhaokha, ndipo tsiku lina wolephera kutchula liwu lawo adzakhala iwe.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Tchulani zizindikiro zisanu zimene muona tsiku ndi tsiku m'komboni mwanu. Chilichonse chikuuzani chiyani za wochivala, ndipo sichikuuzani chiyani?

2. Kodi nkulakwa kubisa chizindikiro chako pofuna kupewa kumenyedwa, kapena nkuchenjera?

3. Chimbuya chinasandutsa adani kukhala othandizana pa maliro. Kodi zotere zingatheke pakati pa achinyamata a zipani zosiyana? Zingayambe bwanji kwanuko?