Kodi Tipite Kumene Akuti N'koopsa?

Munthu akanena kuti akupita ku Mozambique, kaya kumaliro, kaya kukaoda chimanga, achibale amayamba kumutsanzika ngati sadzabwera. Wailesi ndi mafoni zatidzaza ndi nkhani za zigawenga, mpaka dzina la dzikolo limamveka ngati mfuti. Funso ndi ili: kodi Mkhristu amvere mantha amenewa, kapena anyamuke?

Tiyambe ndi zoona zake. Nkhondo ya ku Cabo Delgado si mphekesera. Idayamba mu Okutobala 2017, ndipo yapha anthu ambiri ndi kusamutsa mabanja ochuluka. Mu Seputembala 2022 zigawenga zidafika pa mishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula ndi kupha Sisitere Maria De Coppi. Moyo ndi mphatso ya Mulungu. Wouika pachiswe chifukwa chongofuna kutchuka kuti ndi wolimba mtima, akuchimwira ana amene akumudalira.

Koma Mozambique ndi dziko lalikulu, kuposa Malawi pafupifupi kasanu ndi kawiri. Kuchoka ku Milange, patsidya pa Muloza, kukafika ku Pemba, likulu la Cabo Delgado, pali makilomita oposa 500. Ku Gurue, m'munsi mwa phiri la Namuli, anthu amadzuka m'mawa kukathyola tiyi monga timachitira ku Satemwa ndi ku Makwasa. Ambiri a ife kuno ku Thyolo ndife Alhomwe, ndipo makolo athu adachokera konko, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi kudzagwira ntchito m'maesiteti. Tikamati “anthu a uko ndi oopsa,” tikunena abale athu a magazi amodzi.

Ifenso zidatigwerapo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitafala ku Mulanje, Phalombe ndi kuno kwathu, anthu osalakwa adaphedwa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake ena ku Mulanje ndi ku Phalombe. Zoipazo zidachitikadi. Koma wa kunja amene adangomva nkhani imeneyo sadamve za amayi a m'miphakati yathu oyendera odwala, kapena za mlendo amene timamupatsa madzi asanapemphe. Zidatiwawa kuweruzidwa ndi tsiku lathu loipitsitsa. Nanga bwanji tikuchitira anzathu zomwezo?

Atolankhani sikuti amanama nthawi zonse. Ntchito yawo ndi kulengeza zachilendo. Msika umene watha mwamtendere suwerengedwa pa nkhani. Cholakwa chimabwera ife tikatenga chidutswacho ngati dziko lonse, n'kumati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Anthu si nsomba za m'dengu. Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kunamizira mnzathu, ndipo kuipitsa mbiri ya mtundu wonse ndi umboni wonama womwewo. Natanaele nayenso ankakayikira Nazarete. Filipo sadakangane naye, adangomuitana kuti akadzionere yekha.

Mu Novembala 2015 Papa Francisko adapita ku Bangui, ku Central African Republic, nkhondo ili mkati, ngakhale ambiri ankamuchenjeza. Adatsegula Khomo Loyera m'kathedulo ya mumzindawo ndi kukachezera Asilamu mumzikiti. Mu Malichi 2021 adakafika ku Iraq. Sadapite mwakhungu: ulendo udakonzedwa ndi eni dziko, ndipo udali ndi cholinga, chotonthoza anthu amene aliyense ankawazemba.

Apa ndi pamene pali muyeso. Usananyamuke dzifunse mafunso atatu. Choyamba: choopsacho chili kuti kwenikweni, ndipo ndi cha liti? Safunsa adadya phula. Funsa okhala komweko, ansembe a kumeneko, oyendetsa magalimoto a msewuwo. Chachiwiri: ndikupitiranji? Kuika m'bale m'manda kapena kudyetsa banja si chimodzimodzi ndi kukafuna zithunzi za pa Facebook. Chachitatu: ndani adzasenze mtolo zikavuta, kuno ndi komwe ndikupitako? Yenda ndi ziphaso zoyenera, dutsa pa chipata chovomerezeka, mvera malangizo a okulandira.

Mayankho akakhala oletsa, khala; si uchimo. Koma usaderere anthu a dzikolo, ndipo uwakumbukire m'mapemphero a Misa. Nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, Malawi idasunga othawa kwawo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Makolo athu adawaona ngati abale. Ife tisawaone ngati mutu wa nkhani chabe.