Kodi Nkololedwa Kuphunzirira pa Odwala Osacira?

Ife ansembe timaitanidwa kawirikawiri pamene a kucipatala anena kale kuti palibenso cocita. Timafika ndi mafuta oyera, tipeza nkhalamba iri kubuula, abale atazinga mphasa, ndipo nzeru zonse za kusukulu zikhala ngati zathawa m'nyumbamo. Koma alipo anthu ena ophunzira kwambiri amene asankha kuthera moyo wao pomwepo, pa ukalamba ndi pa masiku otsiriza a munthu. Amayesa mankhwala, amawerengetsa, amalemba mabuku, nalandira madigiri ndi mipando yaulemu m'mayunivesite. Tsono funso lathu nali: kodi nchito yotere njabwino pamaso pa Mulungu? Kapena wophunzirayo angofanana ndi muimba, umene umanenepa ndi tsoka la nyama yofooka?

Funsoli si lacibwana. M'caka ca 1963, pa cipatala ca Jewish Chronic Disease Hospital ku Brooklyn, m'dziko la America, odwala 22 okalamba ndi ofooka anabayidwa jekeseni wa tizidutswa tamoyo ta nthenda ya khansa, osauzidwa cimene cinali m'jekesenimo. Dokotala Chester Southam anafuna kudziwa ngati thupi lodwala lingathe kukana tizidutswato. Kufuna kudziwa sikunali kucimwa ai. Cimo linali kuwatenga anthuwo ngati munda wopanda mwini. Papa Pius XII anali atacenjeza kale madokotala, pa 14 September 1952, kuti dokotala alibe mphamvu pa thupi la wodwala koposa imene wodwalayo wampatsa, ndi kuti phindu la anthu ambiri silifafaniza ulemu wa munthu mmodzi. Nkhalamba imagwa msanga m'msampha uwu, pakuti siidziwa kutsutsa, ndipo ambiri amati mumtima, "Nanga yatsala ndi masiku angati?"

Komabe tisafulumire kutsutsa nchito yonse cifukwa ca wolakwa mmodzi. Taonani mai wina wa ku England, Cicely Saunders, Mkristu wa mpingo wa Anglican, wobadwa m'caka ca 1918. Anayamba ngati namwino, koma msana unamkaniza, nasanduka wothandiza odwala pa zosowa za kwao. M'caka ca 1948 anakhala pambali pa David Tasma, Myuda wa ku Poland amene analikufa ndi khansa ku London wopanda mbale, ndipo iyeyo anamsiyira mapaundi 500 kuti adzayambire nyumba ya odwala otere. Maiyo akadatha kungomanga nyumba ndi kupempherera odwala. Koma anaona kuti cifundo copanda nzeru sicithetsa ululu. Ali ndi zaka 33 anabwerera kusukulu, nakhala dokotala m'caka ca 1957.

Kuyambira 1958 anagwira nchito zaka zisanu ndi ziwiri pa St Joseph's Hospice ku Hackney, nyumba ya masisitere a Katolika ocokera ku Ireland. Masiku amenewo madokotala ambiri anali kuopa morphine. Anali kudikira mpaka wodwala alire, ndiyeno nkumbaya jekeseni, poganiza kuti akampatsa kawirikawiri adzazolowera nadzasanduka cidakwa ca mankhwala. Saunders anapatsa odwala mankhwala akumwa pa nthawi yake, maola anai ali onse, ululu usanabwerere, ndipo analemba zonse zocitika kwa odwala 1,100. Mabuku akewo ndiwo anaonetsa kuti wodwala akhoza kukhala wopanda ululu, maso ali gwa, nzeru ziri bwino, akuceza ndi ana ake. Pakadapanda kuwerengetsa kumeneko, madokotala anzake akadati ndi maloto a mai wacifundo. Pano wansembe ayenera kubvomera modzicepetsa: anthu ambiri akhoza lero kulapa ndi kulandira Ukaristia ali ndi nzeru zao cifukwa ca manambala olembedwa m'buku la dokotala.

Eklezia sanaime kutali ndi nkhani iyi. Pa 24 February 1957 Papa Pius XII yemweyo anayankha madokotala kuti nkololedwa kupatsa wakufa mankhwala oletsa ululu, ngakhale angafupikitse moyo, ngati palibe njira yina, ngati colinga si kupha, ndiponso ngati wodwala saletsedwa kukwaniritsa udindo wake kwa Mulungu ndi kwa anthu. Ena amati Mkristu ayenera kupirira zowawa zonse. Inde, kusenza mtanda mwaufulu nkopatulika. Koma kumsenzetsa mnzako mtanda umene iwe ukadatha kuucotsa, kumeneko si kupatulika, ndi ulesi.

Cimene cindigwira mtima kopambana ndi cina. Saunders anali kuyenda ndi makina ojambula mau, nafunsa odwala kuti afotokoze okha za ululu wao. Pomvetsera anapeza kuti ululu wa munthu wakufa suli m'thupi mokha: muli mantha, muli nkhawa ya ana otsala ndi ngongole, muli mlandu wa mzimu. Makolo athu anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Maiyu anapita kudamboko kukafunsa, osati kukatenga cabe. Apa ndipo pagona kusiyana kwa Hackney ndi Brooklyn. Konse kuwiri analipo dokotala wanzeru, nkhalamba yodwala ndi buku lolembamo. Koma kwina wodwala anali mphunzitsi wofunsidwa ndi ulemu, kwina anali cipangizo cosauzidwa kanthu. Wofufuza amene ayamba ndi kupempha, amene sammana wodwala cithandizo cifukwa ca kuyesa kwake, ndipo ali wokonzeka kuleka wodwalayo akakana, ameneyo alandire digiri yake wopanda manyazi. Wanchito ayenera malipiro ake.

Latsala bvuto limene sindinganene kuti latha. Nanga gogo amene nzeru zamcokera, wosazindikira ngakhale mwana wake, adzabvomera bwanji? Tikamsiya kunja kwa kufufuza konse, nthenda yake siidzadziwika, ndipo anzake a mawa adzabvutika cimodzimodzi. Tikamlowetsa pa mau a mbale wake, tiyenera kufunsa ngati mbaleyo alankhula cifuniro ca gogo kapena kutopa kwake kwa iye mwini. Ine ndiganiza kuti pamenepa colemetsa ciyenera kukhala cocepa ndithu, ndipo gogo akabweza dzanja lake, kubwezako kuwerengedwe ngati kukana.

Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku Sydenham m'caka ca 1967, nyumba yosamala odwala, yophunzitsa ndi yofufuza pamodzi. Dokotala Anne Merriman, amene kale anali sisitere ndipo anaphunzira za matenda a okalamba, anayambitsa nchito yotere ku Kampala m'caka ca 1993 ndi morphine wamadzi wotsika mtengo, wonga amene wafika ndi m'zipatala zina za kuno kwathu. Saunders mwini wake anamwalira ndi khansa pa 14 July 2005, m'nyumba yomweyo ya St Christopher's, akusamalidwa ndi anthu ophunzitsidwa njira zake.