Kodi Dzanja Limapita Lokha?

Kwa ankhoswe, kubwalo la milandu, ngakhale pamalo okwerera maminibasi ku Limbe, munthu amene wamenya mnzake amakonda kunena kuti: "Sindinafune ayi, dzanja linangopita lokha." Wonena mawu otere amafuna kuti timulekanitse ndi chiwalo chake, mlandu ugwere dzanja, mwini wake atsale woyera. Kodi m'mawu amenewa muli choona? Tisanaweruze, tiyeni tiyambe taona m'mene thupi la munthu limayendera.

Taganizirani mayi amene akutuluka mumsika wa Limbe, beseni la tomato lili pamutu, mwana ali kumbuyo, uku akuzemba magalimoto. Iye saganizira za minofu yake, komatu ntchito imene ikuchitika m'thupi mwake ndi yaikulu. Chigawo chakutsogolo cha ubongo chimakonza zoti zichitike. Chigawo china, chimene chimayambira paliwombo kutsikira cha kukhutu, chimatumiza lamulo kudzera m'mitsempha ya mumsana mpaka kuminofu. Yambiri mwa mitsemphayi imapingasana pamene ubongo walumikizana ndi msana, n'chifukwa chake mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira dzanja lamanja. Ndipo kaubongo kakang'ono ka kunkhongo kamayerekeza zimene zalamulidwa ndi zimene zikuchitikadi, n'kumawongola khosi ndi miyendo kuti beseni lisagwe. Zambiri mwa izi zimachitika mwini wake osadziwa.

Palinso nthawi imene dzanja limapitadi lokha. Mukakhudza poto wotentha pambaula, uthenga umatembenukira mumsana momwemo, dzanja n'kuchoka musanamve n'komwe kuwawa. Apa palibe kusankha, choncho palibenso mlandu.

Asayansi ena anafika poganiza kuti mwina zochita zathu zonse n'zotere. M'chaka cha 1983, Benjamin Libet wa ku America anauza anthu kuti azigwedeza dzanja nthawi iliyonse imene afuna, iye akuyeza mphamvu ya magetsi mu ubongo wawo. Anapeza kuti ubongo umayamba kukonzeka pafupifupi theka la sekondi dzanja lisanagwedezeke, pamene munthuyo amazindikira kuti akufuna kuligwedeza patangotsala gawo limodzi mwa magawo 5 a sekondi. Ena atamva izi anati ufulu wosankha ndi maloto chabe. Koma Libet mwini wake ankati m'kanthawi kotsalako munthu angathe kuletsa dzanja lake. Mu 2012, Aaron Schurger ndi anzake anaonetsa kuti chizindikiro chija chikhoza kukhala kuwinduka wamba kwa ubongo, osati chigamulo chopangidwa kale. Ndiponso kugwedeza chala m'chipinda chofufuzira n'kosiyana kwambiri ndi kumenya munthu mbama.

Phunziro lomveka bwino lili pafupi, mumzinda wa Blantyre momwemuno. Ku Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kumapita anthu amene anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko kapena ngozi. Kumeneko bambo wa imvi amaphunziranso kutema mbamu ya nsima, kumanga batani la malaya, kuponya phazi. Poyamba sitepe iliyonse imafuna maganizo onse ndi thukuta. Akabwereza kambirimbiri, zigawo za ubongo zimene zinapulumuka zimalambula njira zatsopano, ndipo kwa ena tsiku limafika pamene phazi limaponyeka popanda kuliganizira. Apa pakuoneka poyera chimene tonsefe tinadutsamo tili makanda n'kuiwala: zambiri zimene thupi limachita "lokha" lero, linachita kuphunzitsidwa dzulo.

Tsono mbama si ili ngati kuthawa poto wotentha. Mbama imafuna maso, imayeza mtunda, imasankha tsaya. Taonani kuti dzanja limene "limapita lokha" pa mkazi ndi mwana kunyumba ku Ndirande kapena ku Namiwawa, silipita lokha pa bwana kuntchito kapena pa wapolisi pamsewu. Dzanja lodziwa kusiyanitsa wofooka ndi wamphamvu lili ndi mwini wake. Ubongo umene umalamula kuti chiwalo chiyende uli nazonso njira zochiimitsira. Mowa umafooketsa njira zimenezi, n'zoona, koma botolo silidzifikitsa lokha pakamwa. Munthu amene anamenya koyamba osadzudzulidwa, kachiwiri osadzimvera chisoni, anali kuphunzitsa dzanja lake monga wodwala wa ku Kachere aphunzitsira phazi. Kuti lero likuthamanga kuposa maganizo ake si umboni wakuti alibe mlandu. Ndi umboni wakuti mlanduwo unayamba kale.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chifundo chathu timachipereka mozondoka. Wodwala khunyu akagwa pakati pa Victoria Avenue, ambiri amathawa, poopa kuti matendawo angawapatsire, pamene khunyu si lopatsirana. Gogo amene manja ake amanjenjemera chifukwa cha matenda a Parkinson amanongedwa kuti ndi chidakwa, mwinanso mfiti. Awa ndiwo anthu amene matupi awo amachitadi zimene eni ake sanafune, koma ndi amene timawaweruza. Wa mbama uja, amene akanatha kudziletsa, timamupepesera kuti ndi mtima wapachala, ndipo mkazi wotupa diso timamuuza kuti banja n'kupirira.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo n'poyamba. Mwambiwu timakonda kuunenera ana, koma ku Kachere tikuona kuti ubongo wa wamkulu nawonso umaphunzira. Ngati phazi lakufa lingaphunzire kuyenda, dzanja lamoyo lingaphunzire kukhala pansi. Choncho wina akadzatiuza kuti dzanja lake linapita lokha, tisamutsutse msanga. Timufunse modekha kuti analiphunzitsa ndani njira imeneyo, ndipo ayamba liti kuliphunzitsa ina.