Kodi Munthu Ndi Mwini wa Zochita Zake?

Chiyambire pamene ana a anthu adaphunzira kukhala pabwalo ndi kuzenga milandu, pali funso limodzi limene mfumu, wansembe, sing'anga ndi kholo akhala akulifunsa mibadwomibadwo, ndilo lakuti munthu amachitiranji zimene amachita, ndiponso ngati iyeyo ali mwini wake wa zochitazo kapena pali mphamvu zina zomkoka iye osadziwa. Funsoli n'lakale ngati munda wa Edene, pakuti kumeneko mwamuna adaloza chala mkazi, mkazi naloza njoka, ndipo mwa awiriwo panalibe wovomera kuti mlandu wodya chipatsocho udali wake. Akuluakulu adanena kale kuti mtima wa mnzako n'tsidya lina, ndipo kwa zaka zambirimbiri anzeru a mitundu yonse adakhuta ndi kulingalira chabe za tsidyalo, kufikira m'chaka cha 1879, pamene Wilhelm Wundt adatsegula chipinda choyesera pa yunivesite ya Leipzig ku Germany, nayamba kupima ndi mawotchi nthawi imene imapita kuchokera pamene khutu lamva kulira kufikira pamene chala chayankha. Apa m'pamene padabadwira phunziro la maganizo ndi makhalidwe a munthu lotchedwa saikoloje, ndipo ana ake, amene sadagwirizane chibadwire, aliyense adadza ndi yankho lakelake.

Oyamba kuwamvera akhale aja onena kuti zonse zili mu ubongo, chifukwa umboni wawo ngwoopsa. Pa 13 September 1848, pafupi ndi mudzi wa Cavendish ku Vermont, m'dziko la America, kapitawo wina wa olambula njira ya njanji, Phineas Gage, mnyamata wa zaka 25 wodziwika ndi khama ndi ulemu, ankatsendera wonga m'dzenje la thanthwe ndi chitsulo chotalika kupitirira mita imodzi, cholemera makilogalamu 6, pamene wongawo udaphulika, chitsulocho n'kulowa pansi pa tsaya lamanzere, kupyoza ubongo wa chakumphumi, kutulukira pamwamba pa mutu, n'kukagwa pataliko. Munthuyo sadafe, adalankhula, nakwera ngolo kubwerera kumene ankagona. Koma dokotala John Harlow, amene adamsamala, adachitira umboni kuti atachira adasanduka wotukwana, wosaugwira mtima, wopangana za mawa n'kuzitaya lero lomwe, kotero kuti mabwana ake, amene kale ankamtama, adakana kumbwezera pa ukapitawo. Ngati ulemu wa munthu ungachoke pamodzi ndi kachidutswa ka nyama ya m'mutu, kodi ulemuwo udali wake, kapena udali wa nyamayo?

Ena adati tisavutike ndi za m'kati zimene diso silingaone, tipenye zochita zokha. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene adalandira mphotho ya Nobel mu 1904 chifukwa cha kufufuza kagayidwe ka chakudya m'mimba, adaona kuti agalu ake ankachucha dovu akangomva mapazi a wantchito wobwera ndi chakudya, chakudyacho chisanaoneke. John Watson adatenga nzeruyi napita nayo kwa ana a anthu, ndipo zimene iye ndi Rosalie Rayner adalemba mu 1920 pa yunivesite ya Johns Hopkins sindingathe kuziwerenga popanda chisoni. Adatenga khanda losakwana chaka, limene adalitcha Albert, lomwe linkasewera ndi khoswe woyera mopanda mantha. Ndipo nthawi iliyonse likatambasula kadzanja kuti limkhudze, iwo ankamenya chitsulo ndi nyundo kumbuyo kwa mutu wake, kufikira mwanayo adayamba kulira ndi kukwawa kuthawa akangoona khosweyo, kenaka naopanso kalulu, galu, ngakhale chovala chaubweya. Adachoka m'manja mwawo mantha aja asanachotsedwe. Watson adafika podzitama kuti atampatsa makanda 12 athanzi ndi ufulu wowalera monga afunira, angathe kusandutsa aliyense kukhala dokotala, loya, wamalonda kapena mbala, ndipo B. F. Skinner wa ku Harvard, ataphunzitsa makoswe ndi nkhunda kukankha kachitsulo kuti zilandire chakudya, adalemba buku mu 1971 lonena kuti ufulu wa kusankha umene timaunyadira kulibe, kuli mphotho ndi chilango zokha zimene zidatiumba.

Sigmund Freud wa ku Vienna adalowera kwina. Iye adaphunzitsa kuti mbali yaikulu ya mtima njobisika kwa mwini wake yemwe, kuti m'menemo muli zilakolako ndi zipsera za ubwana zimene chikumbumtima chidazikankhira pansi, ndipo kuti zimenezi zimatulukira m'maloto, m'kuphonya kwa lilime ndi m'matenda amene dokotala sawapezera chifukwa m'thupi. Zambiri mwa zimene adanena sizidatheke kuziyesa, ndipo ofufuza a m'mbuyo mwake adazitaya. Koma mfundo yakuti munthu sadziwa zonse zomsonkhezera idatsala, pakuti aliyense amene adakwiyirapo mwana wake pa mlandu wa kuntchito amaidziwa popanda kuwerenga buku.

Tsono pano pali zimene tiyenera kuvomera ndi mtima wonse, ife amene tidaleredwa m'chiphunzitso chakuti aliyense adzayankha yekha pamaso pa Mulungu. Anthu awa adatiphunzitsa chifundo chimene sitidali nacho. Pamene Daniel M'Naghten adawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel, mu mzinda wa London mu 1843, pokhulupirira kuti a chipani cholamula akumlondalonda kuti amuphe, bwalo lidampeza wosalakwa chifukwa cha misala, ndipo ngakhale anthu ambiri adapsa mtima, mlanduwo udabala lamulo limene lidafalikira m'maiko olandira chilamulo cha Angerezi, lakuti amene nthenda yamtsekera kudziwa chimene akuchita, kapena kudziwa kuti n'choipa, sangaweruzidwe monga wanzeru zake. Mwana wamantha amene amaphonya mayeso sali waulesi nthawi zonse. Mayi amene wangobereka kumene nakhala chete masiku onse, osafuna kuyamwitsa, sali wouma mtima kapena wolodzedwa, koma wodwala wofunika chithandizo. Ndipo akuluakulu aja amene adati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu adazindikira kale kuti m'cholakwa cha mmodzi muli manja a ambiri.

Komabe ndikana kwamtuwagalu kuti nkhani ithere pamenepo, ndipo mboni zanga ndi zomwezo zimene iwo adaitana. Gage uja sadafe ali wotukwana wosowa pogwira. Adapita ku Chile, kumene kwa zaka zingapo adayendetsa ngolo ya akavalo yonyamula anthu pa ulendo wautali, ntchito yofuna kulawirira, kusamala ziweto, kuwerengera ndalama ndi kulankhula mwaulemu ndi apaulendo, ndipo adamwalira mu 1860, patapita zaka pafupifupi 12 chichitikire ngozi ija. Ubongo wovulala udamchepetsera njira, koma m'njira zotsalazo mudayendabe munthu. Mantha onga a Albert nawonso adapezeka kuti amachotseka, pakuti mu 1924 Mary Cover Jones adathandiza kamnyamata kotchedwa Peter, koopa akalulu, mwa kusendeza kalulu pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku pamene iko kankadya chakudya chokonda, mpaka kadayamba kumsisita. Freud mwini, pogoneka odwala ake pampando kuti alankhule zonse zobwera m'mutu, ankayembekeza kuti chobisika chikaululika mwini wake adzatha kuchilamulira. Nanga wolamulirayo ndani, ngati m'nyumbamo mulibe mwini? Ngakhale Skinner, polemba buku lokopa anthu kuti asiye kukhulupirira ufulu, ankapempha owerenga kuti apime mfundo zake ndi kusankha.

N'chifukwa chake ofufuza ena adabwezera munthu pakati. Abraham Maslow mu 1943 adasanja zosowa za munthu kuyambira chakudya ndi chitetezo kufikira kukhumba kukhala chimene adalengedwera, Carl Rogers naphunzitsa kuti wovutika amachira akapeza womumvetsera wosamweruza. Aaron Beck wa ku Philadelphia, m'zaka za m'ma 1960, adaona kuti odwala nthenda ya kukhumudwa amadzinenera mumtima mawu owatsutsa kosalekeza, akuti ndine wachabe, palibe chidzandiyendere, ndipo kuti akaphunzitsidwa kuwagwira mawuwo ndi kuwafunsa umboni, ambiri amapepukidwa. Njira yakeyi ikugwiritsidwa ntchito m'zipatala za maiko ambiri kufikira lero. Koma mboni yondigwira mtima koposa ndi Viktor Frankl, dokotala wachiyuda wa ku Vienna komweko, amene adatengedwa ukapolo mu 1942, nadutsa ku Auschwitz, nataya mkazi wake, atate ake, amayi ake ndi mbale wake m'misasa ya chibalo ya Anazi. Kumeneko, kumene njala, chikwapu ndi mantha zidafika pa muyeso umene wofufuza aliyense sangayerekeze kuuyesa, iye adaona ena akusanduka zilombo, koma adaonanso ena akuyenda m'zisakasa kutonthoza anzawo ndi kugawa kachidutswa kotsiriza ka buledi. Adali ochepa, iye adavomera. Koma akadakhala kuti mphotho ndi chilango ndizo zonse, sakadapezeka ndi mmodzi yemwe.

Kuweruza kwanga n'kwakuti ufulu wa munthu ulipo ndithu, koma uli ndi malire, ndipo malirewo sali ofanana kwa onse: wina adapatsidwa bwalo lalikulu, wina nthenda, umphawi kapena nkhanza za ubwana zidamsiyira kampata kakang'ono, ndipo Mulungu yekha ndiye adziwa muyeso wake weniweni. Chifukwa chake ndikupemphani inu mafumu, akulu a mpingo, aphunzitsi ndi makolo, amene milandu ya ana a anthu imafika pamaso panu, kuti musanagamule muzifunsa mafunso awiri, ndipo lachiwiri lisameze loyamba: chidamfikitsa apa n'chiyani, ndipo chatsala m'manja mwake kuti asinthe n'chiyani. Amene nzeru zamsokonekera musammange ndi zingwe kuseri kwa nyumba kapena kumtcha mfiti. Mutengereni kuchipatala msanga. Ndipo amene nzeru zake zili bwino musamnyoze pomuuza kuti sakadatha kuchitira mwina, koma mumdzudzule mwachikondi monga munthu wokhoza kulapa.