Kodi Mwana Wotopa Ndi Waulesi?

Amayi anzathu mwa Ambuye, pali nkhani imene ikufunika kuti tiikambirane m'magulu athu, chifukwa yalowa pafupifupi m'khomo lililonse kuno kwa Kasakula, kwa Malomo, ku Kayoyo, mpaka kwa anzathu a ku Dowa. Anyamata ndi atsikana athu amene angokula kumene akumveka kawirikawiri akunena kuti atopa. Ena sakugona tulo, ena amangokhala duu kuseri kwa nyumba, ena akupsa mtima ndi kanthu kakang'ono. Ena mutu ndi kuthamanga kwa mtima sizikuwasiya, koma akapita kuchipatala malungo sapezeka. Yankho limene limamveka msanga m'midzi ndi lakuti, "Watopa ndi chiyani mwana wadzulodzuloyu? Ife tinkamaliza ndime tili ndi mwana kumsana." Tiyeni tidzifunse mofatsa: kodi umenewu ndi ulesi, kapena ndi katundu wolemera? Ndipo ngati ndi katundu, woyenera kumusenza ndani?

Tiyambe taona zimene ana amenewa akumana nazo. Ambiri anabadwa maphunziro a pulayimale atakhala kale aulere, zimene zinayamba mu 1994, ndipo anakula akumva kuti sukulu ndiyo idzawatulutse mu umphawi. Makolo anagulitsa soya, mtedza, fodya ndi mbuzi kuti fizi ya kusekondale ipezeke. Mwana analemba mayeso a Fomu 4, satifiketi ili m'chikwama, koma ntchito kulibe. Akati abwerere kumunda, munda wa agogo unagawidwa kale tizidutswa. Mu May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo pofika mu 2025 thumba limodzi la feteleza linali litadutsa K100,000. N'chifukwa chake ena ali pa kabaza wa njinga yamoto ya eni ake, ndipo madzulo aliwonse ayenera kukapereka ndalama kwa mwini njinga, okwera apezeke asapezeke. Ena akugwira ntchito zam'nyumba ku Lilongwe, ena akugulitsa kaunjika ku Mponela, ena anathawira ku Joni. Mu November 2023 achinyamata ena a dziko lino anavomera kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel nkhondo ili mkati. Munthu waulesi sangapite kumalo otero.

Pamwamba pa izi pali foni. Ikalira kuchokera kumudzi, nthawi zambiri ndi pempho: feteleza, fizi ya mng'ono wake, chopepesera maliro, ngongole ya kubanki m'khonde. Akatsegula Facebook aona anzake atavala bwino, ataima pafupi ndi galimoto, iye n'kumadziona ngati wotsalira yekha, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ena pofuna njira yachidule amalowa juga ya mpira kapena katapila, dzenje n'kumangokula.

Ulesi ulipo ndithu, ndipo Paulo anaudzudzula pa 2 Atesalonika 3:10. Koma waulesi amakondwa akakhala chabe, amadya bwino ndi kugona tulo tabwino. Mwana amene tikunena pano akakhala chabe mtima umamuwawa, nsima imamukanika, usiku amangotembenuka. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linafotokoza kutopa kobwera ndi kupanikizika kosatha pa ntchito, ndipo linatchula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kuipidwa ndi ntchito imene munthu akugwira, ndi kulephera kuigwira bwino monga kale. Ife tinkatopadi ndi khasu, koma mwezi wa June ukafika tinkaona chimanga m'nkhokwe, mtima n'kukhala pansi. Chimene chikufoola ana athu ndi kugwira ntchito chaka ndi chaka osaona nkhokwe.

Tsono katundu ameneyu ndi wa yani? Pa Agalatiya 6 pali mawu awiri ooneka ngati akutsutsana. Ndime 2 ikutiuza kuti tizithandizana kusenza zolemetsa, pamene ndime 5 ikuti munthu aliyense ali ndi katundu wakewake woti asenze. Ife amayi tingamve msanga tanthauzo lake. Tikapita ku nkhuni, aliyense amamanga mtolo wolingana ndi khosi lake, ndipo palibe amene amayembekeza kuti mnzake amusenzere. Koma denga la nkhokwe likamakwezedwa timaitana mudzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Mtolo wa mwana wathu ndiwo kugwira ntchito mokhulupirika, kulemekeza makolo, kupewa mowa ndi juga, ndi kuthandiza kwawo monga momwe angathere, monga 1 Timoteo 5:4 ikuphunzitsira. Umenewo sitiyenera kumulanda, chifukwa ndiwo umamusandutsa munthu wamkulu. Koma kudyetsa banja lonse, kulipirira abale onse sukulu, kubweza ngongole za aliyense ndi kuchotsa manyazi a mtundu wonse, limenelo ndi denga. Mwana mmodzi akalisenza yekha, khosi lithyoka.

Pansi pa zonsezi pali funso lina lovuta: kodi mwana ndi munda umene tinalima kuti tidzakolole? Paulo pa 2 Akorinto 12:14 akukumbutsa kuti mwa chikhalidwe makolo ndiwo amasungira ana chuma. Fizi imene tinalipira inali chikondi ndi udindo wathu pamaso pa Mulungu. Tikaisandutsa ngongole, mwana amayamba kuopa kwawo monga munthu aopera wokongoza, ndipo ena amasiya kuyankha foni kapena kubwera pa Khirisimasi chifukwa cha manyazi obwera chimanjamanja. Tsiku limene tinapita naye ku ubatizo, wansembe sanafunse kuti mwanayu adzapindula zingati. Analandiridwa monga mwana wa Mulungu asanagwire ntchito iliyonse, ndipo ulemu umenewo sutha chifukwa chakuti ntchito yasowa.

Wina afunsa kuti, "Nanga ife tidalire yani?" Funso limeneli ndi loona, ndipo tisalipeputse. Pakati pathu pali amayi amasiye, pali agogo olera zidzukulu, opanda penshoni, ndipo thandizo la Mtukula Pakhomo silifikira aliyense. Kupempha mwana si tchimo. Nkhani yagona pa kapemphedwe. Tingayambe ndi kumufunsa za moyo wake tisanatchule ndalama. Tingamuuze chosowa nthawi ikadalipo, kuti akonzekere. Akati "Amayi, mwezi uno ndilibe," tingamukhulupirire, osamutemberera kapena kumuyerekeza ndi mwana wa uje amene wamangira makolo ake nyumba ya malata. Ndipo chosowa chachikulu tingachitengere kwa amalume, kwa abale ena ndi ku gulu lathu, kuti denga ligwidwe ndi manja ambiri.

Palinso mawu ena amene amamveka: "Sakupemphera mokwanira," kapena "Amulodza." Tiwerenge 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri amene anali atangoona moto wa Mulungu pa phiri la Karimeli, anathawa Yezebeli, nasiya mnyamata wake ku Beereseba, nalowa yekha m'chipululu, napempha kuti afe. Mulungu sanamutche waulesi kapena wosakhulupirira. Anamulola kugona, natuma mngelo ndi mkate ndi madzi, kawiri konse. Pambuyo pake, ku Horebu, anamufunsa chimene chamufikitsa kumeneko namumvetsera. Eliya atadandaula kuti watsala yekha, Mulungu anamuuza za anthu 7,000 okhulupirika, namupatsa Elisa woti ayende naye. Taonani dongosolo lake: chakudya, tulo, kumvetsera, bwenzi, kenaka ntchito. Ambuye Yesu nayenso pa Marko 6:31 anatengera ophunzira ake padera kuti akapumule, chifukwa analibe mpata ngakhale wakudya.

Kumvetsera kumeneku ndi ntchito imene amayi angathe. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench cha m'ma 2006. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kucheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Gogo samulalikira munthuyo. Amamulola kutchula mavuto ake onse, amamuthandiza kusankha limodzi loyamba nalo, ndipo amapeza naye chinthu chimodzi chimene angachite sabata imeneyo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, anthu amene anacheza pa benchi anali bwino kuposa amene sanacheze pa benchi. Bungwe lathu la Mothers' Union, limene Mary Sumner analiyambitsa ku England mu 1876, cholinga chake n'kulimbitsa mabanja. Mphasa tili nazo, makonde tili nawo. Chofunika ndi khutu lodekha ndi pakamwa posunga chinsinsi, chifukwa mwana akamva nkhani yake ikukambidwa pa mjigo sadzabweranso.

Komabe tidziwe malire athu. Mwana akayamba kunena kuti kuli bwino kufa, akamagawa katundu wake, akamatsanzika mosadziwika bwino, kapena akakhala masabata osadya ndi osagona bwino, tisamusiye yekha. Tichotse mankhwala a mbewu ndi a m'nkhokwe pamalo pamene angawapeze, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuchipatala chaching'ono angatitumize ku chipatala cha boma ku Ntchisi kapena ku Dowa, ndipo ku Lilongwe kuli a St John of God amene amathandiza odwala maganizo. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna, choncho tisaiwale anyamata athu, amene anaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Kupita kuchipatala sikuchotsa pemphero. Tipemphere, tiwadziwitse abambo wansembe ngati mwanayo walola, ndipo tipite.

Pa msonkhano wathu wotsatira tiwerengere limodzi 1 Mafumu 19 ndi Agalatiya 6:1-5, ndipo tikambirane mafunso awa. Kodi m'banja mwathu ndi mwana uti amene aliyense amamudalira, nanga iye amadalira yani? Ndi zinthu ziti zimene timapempha kwa ana zimene gulu lathu lingathandizane? Ndi amayi ati pakati pathu amene achinyamata angawakhulupirire ndi chinsinsi? Ndipo sabata ino, mayi aliyense aimbire foni kapena achezere mwana mmodzi, wake kapena wa mnzake, osapempha kanthu, koma kungomufunsa kuti, "Mwanawe, ukugona tulo? Ukudya?"

Ambuye atipatse nzeru ndi mtima wodekha, ndipo asunge ana athu kulikonse kumene ali.